Magulu a GAAC: nzeru ya ku Tete yomwe inasanduka ndondomeko ya dziko lonse

Kuyambira pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu January 2025, funso lakula m'zipatala za Mozambique: ndalama zikachepa, ndi ntchito ziti zolimbana ndi HIV zoyenera kutetezedwa poyamba? Chigawo cha Tete chili ndi yankho lina lomwe linayesedwa kale, manambala ake alipo.

Mu 2008, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo m'chigawochi anayamba kuyesa njira yachilendo. Anthu omwa ma ARV a m'dera limodzi, osapitirira asanu ndi mmodzi, ankapanga gulu. Mwezi uliwonse mmodzi yekha ndiye ankapita kuchipatala, kukaonedwa ndi namwino ndi kutengera anzake onse mankhwala. Mwezi wotsatira ankapita wina. Kwa mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano, phindu lake silisowa kufotokoza: ulendo umodzi m'malo mwa maulendo asanu ndi umodzi, ndalama ya chapa yosonkherana, ndiponso tsiku lopalira chimanga kapena lokumba mbatatesi silitayika pamzere wa kuchipatala. Nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzaza, kusiyanako kumakula.

Chomwe chinasiyanitsa ntchitoyi ndi maganizo ena abwino omwe amangofera m'misonkhano n'chakuti inalembedwa bwino. Ofufuza anatsatira mamembala oposa 1,300, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2011 zinasonyeza kuti pafupifupi 97 mwa anthu 100 alionse anali akumwabe mankhwala patatha pafupifupi chaka. Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unatenga njirayi n'kuifalitsa m'zigawo zina pansi pa dzina lakuti GAAC. Ku Malawi, boma la Thyolo nalonso linayamba magulu otere.

Komabe nambala ya 97 ija siyenera kumezedwa yosatafuna. M'magulumo ankaloledwa anthu okhawo omwe anali atamwa kale mankhwala kwa miyezi ingapo ndipo thanzi lawo linali bwino. Amenewa ndi anthu oti mwina sakanasiya mankhwala ngakhale pakanapanda gulu. N'chifukwa chake kafukufuku wina anayerekeza mamembala a GAAC ndi odwala ofanana nawo omwe sanali m'gulu. Magulu anapambanabe, koma kusiyana kwake kunali kocheperapo. Palinso anthu omwe njirayi siwakomera, makamaka amene safuna kuti oyandikana nawo adziwe za matenda awo.

Masiku ano zipatala zambiri zimapereka mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, zina mpaka isanu ndi umodzi, choncho ena amati magulu atha ntchito. Maganizo amenewa akuiwala kuti kupereka mankhwala ambiri kumadalira kuti nkhokwe ikhale yodzaza. Mankhwala akachepa ndipo chipatala chabwerera ku botolo la mwezi umodzi, wovutika kwambiri ndi amene amakhala kutali. Ndiponso ambiri mwa alangizi omwe ankalondola odwala kumidzi ankalipidwa ndi ndalama zakunja zomwezo, pomwe gulu la GAAC lilibe malipiro oti adulidwe. Limangofuna namwino wolemba kaundula ndi mankhwala okwanira anthu asanu ndi mmodzi pa tsiku lomwe nthumwi yawo yafika.