PAKHONDE LA MADRASA: Galimoto Yosakankhika ku Nsambe



Ulendo uno tapatukako pang'ono. Sitikamba za ana othawa madrasa ayi, koma za kabokosi kena kamene tinakadziwa mochedwa, titataya kale chinthu chimene sichidzabwereranso.

M'mwezi wa July chaka cha 2024 tinanyamuka ku Mangochi anthu asanu kupita ku Nsambe, m'boma la Neno, kumene mbale wathu wina wochita malonda a mbatatesi anakwatira, ndipo anatiitana ku aqiqa ya mwana wake. Kwa amene simunafikeko, Neno linakhala boma palokha mu 2003, kale linali mbali ya Mwanza, ndipo Nsambe ali kumtunda kwenikweni, m'mapiri oyandikana ndi malire a Mozambique. Ife a kunyanja timayesa kuzizira timakudziwa mwera ukawomba. Bodza. Kumeneko madzi a udhu wa Subuhi amachita kuluma zala.

Nyumba inachepa, choncho amunafe tinamanga tenti pabwalo. Usiku anyamata anayatsa nyale za galimoto kuti ophika aziona, kenaka mafoni a mudzi wonse anabwera kudzatchajidwa m'galimoto momwemo, injini ili chete. Tinaona, koma sitinalankhule. Mlendo sakaniza eni mudzi kamoto.

Pajatu akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Titangomaliza swala ya Subuhi, foni inalira: amalume athu amwalira usiku ku Mangochi, Allah awakhululukire, ndipo janaza ikhala ikangotha swala ya Zuhr. Tinawerengera njira, kutsika ku Neno boma, Zalewa, Balaka, Ulongwe mpaka kwathu, ndipo tinaona kuti tikanyamuka pomwepo tikafika. Adalaivala anapotokola kiyi. Galimoto inangoti ke-ke-ke, basi zii.

Anthu a ku Nsambe ndi okoma mtima. Posakhalitsa amuna oposa khumi anali atafika kuti akankhe, ndipotu chitunda chotsetsereka chinali pomwepo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Makolo athu amene ankayendetsa galimoto za magiya a pamanja sankaopa batire lakutha moto: kuika giya yachiwiri, kukankha, kusiya klatchi, galimoto yalira. Koma galimoto zambiri zakale za ku Japan zimene tikugula masiku ano, monga Sienta ndi Noah zimene zadzaza m'misewu yathu, n'za otomatiki. Zoterezi ngakhale mudzi wonse ukankhe mpaka thukuta kamukamu, mateyala satembenuza injini. Mankhwala akale aja anatha ntchito ife osadziwa.

Mawaya ojampira tinali nawo. Koma mawaya amafuna galimoto yachiwiri, ndipo kumene tinali galimoto yachiwiri inalibe nthawi yake. Tinadikira. Dzuwa linakwera. Cha m'ma 10 koloko kunatulukira bambo wina pa pikapu, wodzagula mbatatesi, ndipo m'malo moyandikizitsa galimoto yake anangotulutsa kabokosi kakakulu ngati buku la ana a sukulu, kokhala ndi timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Anapana pa batire nati, "Achimwene, lizani." Inalira kamodzi n'kamodzi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Tinafika kwathu anthu akuchokera kumanda.

Tsono kabokosi aka n'chiyani? M'masitolo a zida za galimoto amakatchula kuti jump starter. M'kati mwake muli batire la lithium, la mtundu wofanana ndi la m'foni koma lotha kutulutsa moto wambiri pa kanthawi kochepa. Batire la galimoto yaing'ono ndi la 12 volts, ndipo likakhala lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6. Nthawi zambiri likakanika kuliza injini silinafe ayi, langofooka: nyale zimayaka ndithu, wailesi imalira, koma sitata imafuna mphamvu yaikulu kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo ya dizilo imafuna yoposa ya petulo. Kukazizira, batire limafookerafookera pamene oyilo wa mu injini walimba, choncho batire limene ku Makanjira kapena ku Nkhotakota limakuyendetsani popanda vuto likhoza kukuchititsani manyazi m'mapiri. Kabokosika kamangobwereka injini mphamvu ya masekondi ochepawo. Ikalira, alternator imayamba kubwezera moto m'batire.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, amayi ndi achinyamata omwe akhoza. Zimitsani zonse m'galimoto. Kofiira panani pamene pali chizindikiro cha +, kakuda pamene pali chizindikiro cha –, kapena pa chitsulo chosapentedwa cha injini ngati kapepala kake katero. Lizani osapitirira masekondi asanu. Ikakana, pumulani kaye mphindi imodzi. Ikalira, chotsani, ndipo yendani osazimitsa kwa theka la ola kapena kuposerapo. Batire lotupa, long'aluka kapena lotayikira asidi musalijampe konse, ndipo wosuta fodya atalikire, chifukwa batire limatulutsa mpweya wogwira moto.

Sitikufuna kukunamizani kuti kabokosika ndi makaniko. Ngati alternator yafa, galimoto ilira koma ikakusiyani patsogolo. Ngati batire lakalamba, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno kumakalambitsa mabatire msanga, gulani lina. Malole ambiri akuluakulu ndi a 24 volts, kabokosi ka 12 volts sikawathandiza. Pogula musatengeke ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni, poti ena mwa opanga zinthuzi saopa Mulungu pa muyeso. Yang'anani pamene alemba kukula kwa injini imene kangalize, ya petulo padera, ya dizilo padera, ndipo funsani ngati kali ndi chitetezo mukasemphanitsa mawaya. Wogulitsa akakana kuti mukayese pa galimoto musanalipire, pitani kwina.

China n'chakuti lithium sagwirizana ndi kutentha. Kukasiya pa dashibodi mu October ku Mangochi n'kukapha, ndiponso n'kuitana moto. Kasungeni pamthunzi, ndipo muzikatchaja ngakhale simunakagwiritse ntchito, pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Ambiri mwa timabokositi tili ndi tochi ndiponso potchajira foni, zimene zimathandiza kwambiri a jamaat ogona m'mizikiti ya kumudzi, opita ku ijtima, ngakhalenso aphunzitsi otenga ana kukagona kunja. Koma apa pomwe pali msampha. Mukalola kuti aliyense atchajirepo foni usiku wonse, m'mawa mudzakhala ndi mabatire awiri akufa m'malo mwa limodzi.

Titafotokoza izi pa mzikiti, mkulu wina anati kuphonya janaza kunali kulembedwa. Sitikutsutsa, Allah ndiye mwini kudziwa. Koma tonse tinaphunzira pa madrasa za munthu uja amene anafunsa Mtumiki (SAW) ngati angoisiya ngamira yake yosamanga poti wayedzamira kwa Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kumanga ndi kuyedzamira. Ife usiku uja ngamira tinaisiya yosamanga, tikuona ndi maso athu.

Tikudziwa kuti ndalama zavuta, ndipo si banja lililonse lingagule kabokosi kamene mwina kagwire ntchito kawiri pa chaka. Nanga jeneza, miphika ya sadaka ndi mikeka, banja lililonse lili ndi zake? Timasonkha, n'kusunga pa mzikiti. Ndi mmene tachitira kwathu. Eni galimoto asanu ndi mmodzi anasonkha, kabokosi kamakhala kwa amuadhini, ndipo amakatchaja Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse. Wopita ulendo wautali amalembetsa m'kope n'kutenga, pobwera amabweza kodzaza. Pofika lero katuluka kangapo, ndipo ulendo wina kanadzutsa galimoto pakati pa usiku imene inatenga mayi woyembekezera kupita naye ku chipatala.

Wassalaam.