Intaneti Pakhomo: Amayi, Musangoonerera

Amayi anzanga, mwana akabwera ndi kompyuta ya patebulo n'kunena kuti pakufunika intaneti, musati "n'za achinyamata izo". Ndalama yake idzachoka m'thumba lomwe mumagulira ufa.

Kuno ku Thyolo, m'maesiteti a tiyi monga Satemwa ndi Conforzi, njira yapafupi ndi kabokosi kotchedwa router. Mumaikamo simukhadi ya Airtel kapena TNM, n'kukalumikiza ku kompyuta ndi waya. Musanagule, yesani kaye netiweki pa foni m'nyumba mwanu momwemo, chifukwa mapiri athuwa amatchinga: pamtunda imagwira, kukhwawa imavuta. Werengeraninso bandulo ya mwezi ndi mwezi, ngakhale m'chilimwe pamene tiyi wothyola wachepa ndipo ndalama ikusowa.

Komabe ngati mungakwanitse, gulani. Mwana wa Fomu 4 adzapezapo zomuthandiza pokonzekera mayeso a MSCE. Koma dziwani kuti khomo lomwelo limalowetsanso juga ndi zithunzi zolaula. Choncho kompyutayo ikhale pabalaza, osati kuchipinda, nambala yachinsinsi muisunge inuyo, ndipo mwanayo akuphunzitseni kuyatsa ndi kuzimitsa. Paja m'mera mpoyamba.