Pepala m'malo mwa mankhwala: zimene zikucitika pa makliniki athu

Nkhani imene ikumveka kawirikawiri pa maliro, pa misonkhano ya amai ndi pambuyo pa mapemphero masiku ano ndi ya ku kliniki. Wodwala amalawira m'mamawa, amaima pa mzere, amaonana ndi anamwino kapena a kliniko ofisa, koma akafika pawindo lotengera mankhwala amapatsidwa Panado ndi kapepala koti zotsalazo akagule ku kemisti. Amene ali ndi ndalama amagula. Amene alibe amapinda kapepalako, naika m'thumba, nabwerera kunyumba ndi matenda ake. Ambiri tayamba kuziona ngati ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira, koma caka ca 2025 cinatuluka ndi nkhani zimene zinationetsa kumene ena mwa mankhwalawo amapita. N'cifukwa cake tifunika kumvetsa bwino zimene zacitika, ndi mbali imene ikutikhudza ife monga mpingo.

Zimene zinalengezedwa mu Meyi

Pa 8 Meyi 2025 kazembe wa dziko la America kuno ku Zambia, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidzadula madola 50 miliyoni pa caka, pafupifupi makwaca 1.4 biliyoni, pa thandizo logulira mankhwala ndi zipangizo za m'zipatala. Anati kudulako kudzayamba mu Januwale 2026 kuti boma lipeze nthawi yokonzekera. Cifukwa cimene anapereka ndi kuba. Pakati pa 2021 ndi 2023 anthu otumidwa ndi ofesi yawo anayenda m'masitolo a mankhwala oposa 2,000 m'dziko lonse. Pa masitolo amene anali kugulitsa mitundu ya mankhwala imene America imapereka, 95 mwa 100 alionse anapezeka ndi katundu wobedwa. Wina anali wocokera ku America, wina wogulidwa ndi boma lathu, wina wa Global Fund ndi mabungwe ena. Awa ndi mankhwala a malungo, a cifuwa cacikulu ca TB ndi ma ARV, amene munthu ayenera kulandira kwaulere.

Nduna ya Zaumoyo ya pa nthawiyo, a Elijah Muchima, anayankha kuti vuto la kuba linayamba kale boma lawo lisanalowe, kuti akuluakulu ena anacotsedwa pa nchito, ndiponso kuti kwakhazikitsidwa njira yolondola katundu pa kompyuta. Anatsimikizanso kuti mankhwala analipo okwanira pa nthawiyo. Apolisi ndi mabungwe ena ofufuza anasecha malo ambiri ndipo anthu ena anamangidwa. Dandaulo la kazembe linali lakuti ogwidwa ndi ang'onoang'ono, pamene okonza ciwembu conse sanakhudzidwe. Makolo athu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mpaka makhoti atationetsa kuti ngakhale wokhala pamkhate angafikiridwe, anthu adzapitiriza kukayikira.

Nkhani imeneyi inabwera pamwamba pa ina. Mu Januwale 2025 boma latsopano la a Donald Trump linaimitsa thandizo lakunja kuti liunikidwenso, ndipo pambuyo pake bungwe la USAID linatsekedwa. Mankhwala opulumutsa moyo analoledwa kupitirira, koma malo ena oyendetsedwa ndi mabungwe anatseka zitseko, ndipo alangizi ndi anchito ena amene anali kulipidwa ndi ndalama zimenezo anakhala pansi. Odwala awo anapita ku kliniki ya boma, imene inali yodzaza kale. Ngati mzere wa pa kliniki yanu unatalika mu 2025, ici ndi cimodzi mwa zifukwa zake.

Ulendo wa m'bulu umodzi wa mankhwala

Kuti timvetse kumene katundu amathawira, tione njira imene amayenda. Bungwe la ZAMMSA, limene kale tinali kulidziwa ndi dzina la Medical Stores, ndilo limagula, kusunga ndi kugawa mankhwala a boma. Katundu amacoka ku nkhokwe yaikulu ku Lusaka, napita ku nkhokwe za m'zigawo monga ya ku Chipata, ndipo kucokera kumeneko amafika ku zipatala ndi makliniki. Pa kliniki amalembedwa m'kaundula, nasungidwa m'cipinda cokhoma, natulutsidwa pang'onopang'ono kupita pawindo. Pa ulendo wonsewu pali manja ambiri: wolemba oda, wopakira, woyendetsa galimoto, wolandira, wosunga makiyi, wopereka kwa wodwala. Dzanja lililonse lingakhale lokhulupirika, ndipo lililonse lingabowole thumba.

Zipatala za mishoni sizili kunja kwa njira imeneyi. Nyanje, Kamoto, Mwami, St Francis ku Katete, Macha, Chikankata ndi zina zili pansi pa bungwe la CHAZ, limene mipingo inakhazikitsa mu 1970, koma anchito ambiri ndi mankhwala ambiri zimalandira kucokera ku boma ndi kwa othandiza omwewo. Nkhokwe ya dziko ikacepa, cipatala ca mpingo naco cimamva njala.

Tisaiwale kuti pali zimene zayenda bwino. Malipiro a pa kliniki anacotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 anacotsedwa pa makliniki onse a boma. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 pa nthawi imodzi. Ndalama za CDF, zimene zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse mu 2022, zamanga zipinda zocirira amai ndi timakliniki m'malo ambiri. Koma nyumba yatsopano ndi namwino watsopano sizingacize malungo ngati shelefu ilibe Coartem. Ndipo lonjezo limene maiko a mu Africa anapanga ku Abuja mu 2001, loika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, dziko lathu silikulikwaniritsa.

Motero kusowa kwa mankhwala pawindo kuli ndi mizu itatu. Woyamba, thandizo lakunja likucepa. Mlendo ndi mame, sakhalira kukamuka, ndipo PEPFAR, imene yatinyamula pa nkhondo ya HIV kwa zaka zoposa 20, sinali yamuyaya. Waciwiri, ndalama zathu sizikwana. Wacitatu, zocepa zimene zilipo zimathawira m'njira. Muzu woyamba uli ku Washington, waciwiri uli ku Nyumba ya Malamulo. Wacitatu uli m'komboni mwathu ndi m'mudzi mwathu, ndipo pa Sabata umakhala nafe pa benci.

Gehazi ali pakati pathu

M'buku laciwiri la Mafumu, caputala 5, timawerenga za Namani amene anaciritsidwa khate, ndipo mneneri Elisa anakana kulandira mphatso iliyonse. Gehazi, mnyamata wa mneneri, anathamangira mlendoyo mobisa, nanama, nalandira siliva ndi zovala pa maciritso amene anaperekedwa kwaulere. Gehazi sanali wakunja. Anali wa m'nyumba ya mneneri, wodziwa zinthu za Mulungu.

Dziko lathu linalengezedwa kukhala la Cikhristu mu 1991, ndipo anthu oculuka kwambiri amati ndi Akhristu. Ngati katundu wobedwa anapezeka m'masitolo oculuka cotero, sitinganene kuti zonsezi zinacitidwa ndi anthu osapemphera. Wotulutsa bokosi usiku, wolinyamula, wolilandira kuseri kwa sitolo, ambiri a iwo ali ndi mpingo wawo. Ena amaimba kwaya, ena amapereka cakhumi, ndipo mwina cakhumico cinacokera m'bokosi lomwelo. Mpingo umene umalandira copereka cacikulu osafunsa ngakhale pamene aliyense akudziwa kumene cacokera, wagwirizana ndi Gehazi.

Apa tifunika kusiyanitsa. Mai amene mwana wake watentha thupi usiku, nagula mankhwala pa kantemba cifukwa ku kliniki kunalibe, sitingamuike pa mlandu umodzi ndi wogulitsa. Iye walipira kawiri: kamodzi pa msonkho, kaciwiri pa kauntala, pogula cinthu cimene cinali cake kale. Komanso anamwino ndi anchito ambiri a pa makliniki athu ndi anthu okhulupirika, amene amaona odwala oculuka kuposa mphamvu zawo, ndipo amatukwanidwa pa mlandu wa anthu ena. Kuwanyoza onse pamodzi ndi kucimwira osalakwa, ndiponso kumathandiza wakuba kubisala pagulu.

Mtengo wake ndi miyoyo

Ena amati kuba mankhwala a boma n'cimodzimodzi ndi kutola mango ogwa okha, palibe mwini wolira. Mwini alipo. Anthu oposa 1 miliyoni m'dziko lino amamwa ma ARV tsiku lililonse. Munthu akadumphitsa, kacilombo kamaculukanso m'magazi, kangathe kuzolowera mankhwalawo, ndipo afunika kusinthidwira ku ena odula kwambiri. Mai woyembekezera akadumphitsa, mwana ali pa ngozi. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6 yathunthu, ndipo wolekezera panjira angadwale TB yosamva mankhwala, imene angapatsirenso a m'nyumba mwake. Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Wogula theka cifukwa ndalama zacepa amamva bwino pang'ono, kenaka malungo amabwerera. Ndipo mankhwala amene adutsa njira zamseri, nasungidwa m'cipinda cotentha ca malata, palibe amene angatsimikize kuti akali ndi mphamvu.

Nyengo ya mvula ikafika, malungo ndi matenda otsegula m'mimba amaculuka. Tonse tikumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ndipo anthu oposa 700 anamwalira. Nthawi yotere ndi imene nkhokwe yobowoka imaonekera poyera.

Zimene mpingo ungacite

Coyamba, tilowe m'makomiti a zaumoyo. Kliniki iliyonse ya boma imagwira nchito ndi makomiti a anthu a m'dera, ochedwa Neighbourhood Health Committee. Nthawi zambiri malo amenewa amasowa anthu ofuna kudzipereka. Bungwe la akulu pa mpingo uliwonse lisankhe anthu awiri odalirika, makamaka aphunzitsi kapena anamwino opuma pa nchito, kuti azipezeka pa misonkhano. Azifunsa mwaulemu: katundu anafika liti, anabwera woculuka bwanji, n'ciani casowa, ndipo oda inatumizidwa liti? Wanchito wokhulupirika amakondwera ndi mafunso otere, cifukwa amamucotsera mlandu. Kumene anthu amafunsa, bokosi silisowa mosavuta.

Caciwiri, tisamale pogula. Sitolo yovomerezeka imakhala ndi cilolezo ca ZAMRA copacikidwa poonekera. Paketi ikakhala ndi zolemba zosonyeza kuti si yogulitsa, kapena zolembazo zikaoneka kuti zafutidwa, ameneyo ndi katundu wa odwala. Ma ARV ndi mankhwala a TB amaperekedwa kwaulere pa kliniki ya boma, ndipo wina akakupemphani ndalama pa zimenezi, dziwitsani woyang'anira kliniki, ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu kapena Anti-Corruption Commission. Munthu mmodzi amaopa kukanena yekha. Apite ndi mkulu wa mpingo.

Cacitatu, tithandize amene apatsidwa pepala. Mipingo yambiri ili ndi thumba la maliro, koma yocepa ndi imene ili ndi thumba la odwala. Timasonkha mwamsanga za bokosi, pamene za mankhwala a shuga kapena a BP a gogo yemweyo zinatikanika ali moyo. Madikoni aone mmene angapatulire gawo la copereka pa nchito imeneyi. Athandizenso Akhristu kumvetsa za NHIMA: ogwira nchito zolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ndipo owalemba nchito amaonjezera 1 peresenti, koma alimi ndi amalonda a pamsika nawonso angalembetse. Ambiri sanalembetse cifukwa palibe amene anawafotokozera.

Cacinai, tiyang'anire guwa lathu. Mankhwala akayamba kusowa, kumabuka alaliki ouza anthu kuti asiye kumwa, akhulupirire cabe. Mipingo yathu inamanga zipatala pambali pa machalichi cifukwa inadziwa kuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Abusa ndi akulu anene momveka kuti wodwala apitirize kumwa monga anauzidwira, asagawane ma ARV ndi mnzake, ndipo akapeza kuti malo amene anali kutengerako atsekedwa, apite ndi khadi lake ku kliniki ya boma yapafupi mankhwala asanathe.

Cacisanu, tilankhule kwa olamulira. Masankho akayandikira, ofuna mavoti adzabwera m'machalichi mwathu ndi matumba a simenti. Tiwalandire monga alendo, koma tiwafunse: milandu ya kuba mankhwala yafika pati, ndalama zimene America ikucotsa zidzalowedwa m'malo ndi ziti, ndipo 15 peresenti ya ku Abuja idzafikiridwa liti? Mafunso amenewa ndi a cipani ciliconse.

Pomaliza, mau kwa m'bale kapena mlongo amene akudziwa mumtima kuti dzanja lake lakhudzapo katundu ameneyu. Khomo la kulapa lili lotseguka. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanangolira, anabweza. Lankhulani ndi abusa anu, lekani, ndipo bwezani zimene mungathe. Ndipo Sabata likudzali, popempherera odwala, tichulenso anamwino, osunga makiyi a nkhokwe ndi oyendetsa magalimoto a mankhwala, kuti Ambuye awapatse mphamvu yokana pamene munthu wabwera ndi envulopu.

Ambuye akudalitseni nonse.