ZA M'MABANJA MWATHU: MALANDIRIDWE A MUNTHU WOTHAWA KWAO

Mwezi uno tikambirane za mlendo amene sadaufune ulendo wache, ndiye munthu wothawa kwao. Mlendo wamba amadza ndi kamphatso m'manja, nagona masiku awiri, natsazika. Koma wothawa nkhondo, kapena njala, kapena madzi, amafika ndi mwana kumbuyo ndi kamtolo pamutu, wosadziwa tsiku lobwerera. Makolo adati mlendo ndi mame; koma mame otere sakamuka msanga, ndipo chifukwa chache tiyenera kudziwa bwino malandiridwe ache.

Kwa ife a ku Chiradzulu nkhani imeneyi siiri ya kutali, pakuti ambiri a ife ndife zidzukulu za othawa. Kuyambira cha m'ma 1890, ndi kwa zaka zambiri pambuyo pache, Alomwe ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, ku dziko la ku phiri la Namuli, alikuthawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wowawa, nchito ya chikakamizo ndi njala. Adadzaza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi kuno kwathu. Kalembera wa 1921 adawapeza oposa 120,000 m'dziko muno, ndipo pofika 1945 adali pafupi 380,000. Abambo a chipani cha Montfort, amene adafika ku Nzama mu 1901 natsegula misyoni ya Nguludi mu 1903, adapeza Akristu ao ambiri mwa alendo omwewo. Inu amene mudya kalongonda ndi kubvina tchopa, kumbukani kuti agogo anu tsiku lina adaima pa bwalo la mfumu ya eni, napempha pogona.

Tsono alendo aja adalandiridwa njira ziwiri, ndipo m'menemo muli phunziro lathu. Ena adagwada kwa mafumu a m'midzi, napatsidwa malo, nakhala anansi, nakwatirana ndi eni dziko. Ena adalowa m'minda ya azungu, monga ku Magomero, kumene adapatsidwanso malo omangapo. Koma malowo adawalipira ndi thangata, ndiyo nchito ya miyezi yambiri m'munda wa mwini, ndipo wokana adagwetseredwa nyumba. Onani chodabwitsa: kuthangata ndi mau abwino a makolo, otanthauza kuthandizana pa nchito, koma umbombo udawasandutsa goli. Kuwawa kwa thangata kudali chimodzi cha zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, m'mene nyumba za misyoni ya Nguludi zidatenthedwa, ndi anthu ambiri adatayika. Chithandizo chofuna phindu chimabala misozi, ngakhale ipite nthawi.

Dziko lathu lidayesedwanso m'masiku a abambo athu. Kuyambira 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira anthu kuno, kufikira adaposa 1,000,000, pamene eni dziko adali ngati 8,000,000 okha. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ena adakhala m'misasa, koma ambiri adalandiridwa m'midzi momwe, pakati pa anthu a chinenero chimodzi ndi mafuko amodzi. Nkhuni zidatha, zitsime zidachepa, zipatala zidadzaza. Koma Amalawi sadawapirikitse. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndi chithandizo cha gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, ndipo m'zaka zotsatira alendo adabwerera kwao mwaulemu. Mbiri imeneyo ndi chuma cha mtundu wathu, tisachimwaze.

Kapena wina adzati: lero othawa ali kuti kuno? Nzoona kuti lamulo la Boma lifuna kuti ochokera kunja alembedwe nakhale ku misasa, monga wa Dzaleka ku Dowa, umene udatsegulidwa mu 1994, ndipo pofika 2023 udali ndi anthu oposa 50,000, makamaka a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pa malo okonzedwera anthu osapitirira 12,000. Amenewo tingawathandize ndi zopereka zathu podzera ku parishi ndi ku CADECOM. Koma alipo enanso amene amafika pa khomo pathu penipeni. Mu 2008 ndi mu 2015 ana athu adabwerako ku South Africa chimanjamanja, atathawa chiwawa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kumwera, ndipo mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Likoswe kuno kwathu, udakokoloka ndi matope ochokera ku phiri. Kumapeto kwa 2024 anthu zikwi zambiri adaolokeranso ku Nsanje ndi ku Chikwawa pothawa zipolowe za masankho ku Mozambique. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Nanga banja lotere likafika, a mu mphakati achite chiani? Tamvani.

Choyamba, pitani nalo kwa nyakwawa, masana, anthu alikuona. Mlendo wobisidwa amakhala ndi mantha, ndi anansi amamganizira zoipa. Ngati achokera kunja kwa dziko, mfumu idziwitse a Boma, kuti alembedwe monga mwa lamulo. Malo akapatsidwa, malire ache aonetsedwe pamaso pa mboni. Tidziwa kuti minda yachepa. Boma lathu ndi laling'ono, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'menemo. Chifukwa chache nenani poyera ngati munda mwaupereka kapena mwaubwereketsa, ndi kwa zaka zingati. Milandu yambiri ya malo imabadwa pa chifundo chosalongosoka.

Chachiwiri ndi nyumba. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani tsiku: amuna aumbe njerwa kapena adule nsichi, amange phaso ndi luzi, afolere, amai amwete udzu, atunge madzi, azire pansi, anyamata akumbe chimbudzi ndi kumanga bafa. Musaiwale chitseko chotsekeka bwino, pakuti munthu amene adathawa usiku sagona tulo m'nyumba yapululu. Mwini nyumba agwire nao nchitoyo, ndipo mumfunse kumene afuna kuti khomo liloze. Nyumba imene munthu adaikhetsera thukuta amaiyesa yache.

Chachitatu ndi ziwiya, ndipo apa amai ndiwo adziwa koposa. Zipupa zokha si nyumba ai. Nyumba imayamba pamene mafuwa aikidwa ndi utsi watuluka. Pafunika mphika wa nsima ndi wa ndiwo, mthiko, chipande, mbale, lichero, ndowa kapena mtsuko wa madzi, mphasa ziwiri kuti ana agone paokha, bulangete, ndi neti yoteteza udzudzu. Mtondo ndi munsi angabwereke kwa anansi, ndipo nkwabwino kutero, pakuti pa mtondo ndi pamene amai amadziwana. Banja liri lonse lipereke chimodzi, mlembi wa mphakati alembe, kuti pasakhale mithiko isanu popanda mphika. Ndipo musapereke chimene mukadataya ku dzala. Mphika wobooka ndi nsalu yong'ambika zimanena kwa wolandira kuti iyenso ndi wotayika.

Chachinai, ndicho chachikulu: khasu, nkhwangwa ndi mbeu. Ufa wa m'thumba umatha pa sabata ziwiri, koma chitini cha nandolo, mitengo ya chinangwa, mbeu ya mbatata ndi kankhuku kathadzi zimamchotsa munthu pa upemphi. Mfunseninso nchito imene adziwa. Mwa othawa muli amisiri a matabwa, osoka, ouma mbiya, aphunzitsi ndi oimba. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Chachisanu, mulowetseni m'moyo wa mudzi. Ana alembedwe sukulu sabata lomwelo. Amai asonyezedwe chitsime, chigayo, ndi tsiku la sikelo ku chipatala. Onse aitanidwe ku ukwati ndi ku maliro. Ndipo imfa ikawagwera, mudzi uwatsegulire manda ache, adzukulu akumbe, amai aphike, monga achitira mbadwa. Palibe chimene mlendo amaopa koposa kufa kopanda womuika. Musafunse ngati ndi Mkatolika, kapena wa mpingo wina, kapena Msilamu. Njala siifunsa kalata ya ubatizo.

Tsono chenjezo ndi ili. Thangata wa azungu adatha, koma thangata wamng'ono angabadwenso m'makomo mwathu. Munthu apatsa wothawa kanyumba, ndipo m'mawa mwache amtuma ku munda kwache kopanda malipiro. Wina atenga mwana wamkazi wa mlendo kuti amlere, namsandutsa wanchito, osamtumiza ku sukulu. Wina aona mai wamasiye wosowa pogwira, namnyenga ndi sopo ndi ndiwo. Izi ndi machimo olira kwa Mulungu, ndipo akulu a mpingo asakhale chete poziona. Mlendo akagwira ganyu, mlipireni monga mulipira mwana wa mlongo wanu. Ndipo mukapereka, musachite kulengeza pa msika. Kupatsa nkuika, ndipo woika chuma saimba ng'oma.

Chipatala cha ku Nguludi chidziwika ndi dzina la Yosefe Woyera, amene adadzuka usiku natenga Mwana ndi Amai ache, nathawira ku Ejipito poopa Herode. Maina a anthu amene adawabwereka mphika ndi kuwapalira moto m'dziko lija sadalembedwe, koma Mulungu awadziwa. Mwezi uno mphakati uli wonse usonkhanitse mphasa, mphika, bulangete ndi khasu, zisungidwe kwa msungichuma, mvula isanafike, kuti wogogoda asatipeze tiri manja lende. Yosefe Woyera, mtetezi wa mabanja, atipempherere ife ndi onse amene agona kutali ndi kwao.