Kukalambitsa Kandege Katsopano

Mwezi uno tikambirane za ntchito ya manja imene imalira maso kuposa ndalama. Tikunena za tindege, timagalimoto ndi tisitima tapulasitiki timene timagulitsidwa m'mabokosi tili zidutswazidutswa, kuti wogula alumikize yekha ndi guluu, kenaka apake penti. Kulumikiza sikuvuta kwenikweni, pakuti pepala la m'bokosimo limalozera chidutswa chilichonse malo ake. Pogwetsa ulesi mpopaka penti. Kandege kamene mwana wakavutikira masabata aŵiri kamatuluka kali nyezinyezi ngati switi wonyambita, ndipo mwini wake amadzionera yekha kuti sikakufanana ndi ndege ya pachithunzi. Ana ambiri amalekera pomwepo, bokosi lachiŵiri osalikhudzanso.

Titenge chitsanzo chimodzi, ndege yankhondo ya ku Britain yotchedwa Spitfire, imene inauluka koyamba m'chaka cha 1936 ndi kutchuka pa nkhondo ya mumlengalenga ya 1940. Kampani ya Airfix inayamba kugulitsa kachifanizo kake m'zaka za m'ma 1950, ndipo kufikira lero ambiri amayambira pa komweko. Muyeso wake ndi 1/72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kachifanizo iimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Mapiko a Spitfire, kuchokera nsonga kufika nsonga, amapitirira pang'ono mamita 11. Pa kachifanizo sakwana masentimita 16. Muyeso umenewu tisauiŵale, chifukwa dontho la penti lokhuthala milimita imodzi likuimira chotupa cha masentimita 7 pa ndege yeniyeni.

Motero lamulo loyamba ndilo kusungunula penti. Yambani mwatsuka zidutswa zonse ndi sopo kuti mafuta a ku fakitale ndi a m'zala achoke. Penti ilipo ya mitundu iŵiri: yamafuta, monga ya Humbrol ya m'tizitini ta mamililita 14, imene imasungunulidwa ndi white spirit, ndi ya acrylic, imene yambiri imalola madzi ndipo imauma msanga. Iliyonse itakasidwe bwino, ndipo ipyapyale ngati mkaka. Mukapaka koyamba pulasitiki idzaonekerabe, ndipo mtima udzakuuzani kuti muwonjezere pomwepo. Musaumvere. Dikirani iume, ngati ndi yamafuta ngakhale tsiku lathunthu, mupakenso kachiŵiri ndi kachitatu. Yambani ndi mtundu woŵala wa kumimba, kenaka wofiirira ngati dothi, potsiriza wobiriŵira wodera, pakuti imeneyi ndiyo inali mitundu ya Spitfire m'miyezi ya nkhondo ija. Amisiri ambiri amathiramo kadontho ka penti yoyera, popeza chinthu chachikulu chikaonedwa patali mtundu wake umatuŵa, monga mmene phiri limachitira. Matayala asakhale akuda bii koma otuŵirako. Makolo akumbukire kutsegula zenera pamene white spirit ikugwiritsidwa ntchito, ndipo kampeni kodulira kakhale m'manja mwa wamkulu.

Penti ikauma pakani vanishi wonyezimira. Zizindikiro zija zoviika m'madzi zimamatirira bwino posalala. Pa penti yokhakhala zimatsekera mpweya pansi pake ndi kuoneka mbuu m'mphepete.

Tsono tafika pa chimene Angerezi amati weathering, ife tingoti kukalambitsa. Njira zake zodziŵika nziŵiri. Yoyamba ndiyo kusungunula penti yamafuta yoderako mpaka ikhale ngati tiyi, ndi kukhudza nayo timizere ta pamene malata a ndege amakomana. Imayenda yokha m'timizeremo, ndipo yosefukira mumaipukuta ndi kathonje. Vanishi wapansiyo akhale wa acrylic, chifukwa white spirit imadya penti yamafuta yosatetezedwa. Yachiŵiri ndiyo kuviika burashi mu penti yoŵala, kuipukuta pa pepala mpaka itatsala pang'ono kuuma, ndi kusesa nayo mopepuka kuti ngodya ndi timisomali tionekere. François Verlinden wa ku Belgium anatchukitsa njira zimenezi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo omtsanzira ena anapyola muyeso, mpaka akasinja awo ankaoneka ngati agwa mu ufa.

Apa mpamene pagona nkhani yathu. Njira munthu angaziphunzire madzulo amodzi, koma chovuta nkudziŵa pamene litsiro liyenera kukhala. Imani pamsika muyang'anitsitse lole imene yayenda zaka zambiri. Penti yatha pamene dalaivala amaponda pokwera ndi pamene dzanja limagwira. Dzimbiri layambira pa bauti ndi kutsika molondola njira ya madzi a mvula. Fumbi lachuluka kumbuyo kwa matayala, ndipo denga lafwifwa ndi dzuŵa. Banga lililonse lili ndi mwini wake. Amene amwaza mabanga paliponse mofanana, ngakhale atakhala ndi burashi yodula chotani, wanamizira chifanizo chake mbiri imene chilibe.

Pa Spitfire, kachitseko ka woulutsa kali kumanzere. Choncho penti imapalika kwambiri patsinde pa phiko lakumanzere, pamene nsapato zinkaponda tsiku ndi tsiku, ndiponso pa zomangira za zivundikiro za injini zimene amakaniko ankamasula kaŵirikaŵiri. Pensulo yasiliva yosongoka ikwanira pa ntchitoyi, kapena kanyenyeswa ka siponji kodindidwa kaye pa pepala mpaka penti itatsala yochepetsetsa. Koma pansi pa penti ya ndege imeneyi panali aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Kupaka dzimbiri pa mapiko a Spitfire, monga ena amachitira pofuna kukometsa, nkulakwa; mtundu wonga dzimbiri uli ndi malo pa mapaipi otulutsa utsi okha, amene ankapsa ndi moto. Chiwongolero cha kumchira nacho chinali chokutidwa ndi nsalu, motero siliva asafikeko. Chimodzimodzi amene adzagula kachifanizo ka ndege ina ya nthaŵi yomweyo, Mosquito, adziŵe kuti thupi ndi mapiko ake zinali zamatabwa.

Mwaye wa utsi umachokera pa mapaipi aja, mbali zonse ziŵiri za mphuno, ndi kutsata mphepo chakumbuyo, kunka nuzilala. Palani choko cha ojambula, chotuŵa ndi chofiirira, mupake ufawo ndi burashi youma pang'onopang'ono. Ukachuluka ufufuteni ndi kansalu konyowa. Injini yake, Merlin ya Rolls-Royce, inkadontha oyilo, kotero timizere toderako kumimba, toloza kumchira, nchoonadi ndithu. Ndege zambiri za 1940 zinkanyamukira pa mabwalo a udzu, ndiye kamatope pa matayala nkoyenera.

Pali kanthu kena kamene kamatikondweretsa ife. Spitfire yoyamba inali ndi mfuti 8 m'mapiko, ndipo mabowo ake ankamatidwa ndi tinsalu tofiira kuti fumbi ndi chinyontho zisaloŵe. Mfuti zikalira, zipolopolo zinkaboola tinsaluto. Anthu a pabwalo akaona ndege ikutera tinsalu tili tong'ambika ankadziŵa kuti yakomana ndi adani. Tsono mmisiri asankhe: kodi kandege kake kakunyamuka kapena kakubwera? Ngati tinsalu tili tathunthu, ndege yakonzedwa kale, ndipo utsi wa mfuti ukhale wochepa.

Tikumbukirenso kuti ndege zambiri za chaka chimenecho sizinakalambe. Zina zinaonongeka zitauluka masabata oŵerengeka, ndipo zotsalazo zinali ndi amakaniko ozisamala usana ndi usiku. Nchifukwa chake ife timakonda Spitfire yothimbirira pang'ono kusiyana ndi yooneka ngati yatoledwa kudzala. Mukapaka banga limodzi, ikani kandege patebulo, mubwerere mapazi atatu, muyerekeze ndi chithunzi cha ndege yeniyeni musanawonjezere lina.

Zonse zikatha, pakani vanishi wosanyezimira kuti ufa wa choko ugwire ndi kunyezimira kuja kuphedwe. Galasi la pamwamba pa woulutsa liphimbeni ndi tepi, kapena mulimate pomalizira penipeni, chifukwa vanishi ameneyu akaligwera limachita khungu.