Otola mabotolo pa Jenda akugwira ntchito ya khonsolo ulele

Basi ikaima pa rodibuloko ya Jenda, tonse maso amakhala pa tomato, anyezi ndi kachewere. Tikagula, tikamwa, botolo timaponya pawindo basi n'kunyamuka. Sabata yatha ndili m'basi yopita ku Mzuzu, mnyamata wina wa thumba paphewa adawerama n'kutola botolo lomwe mayi amene ndidakhala nawo adataya. Mayiwo adangoti: "Koma amisala achuluka masiku ano." Ndidakhala chete, ndipo mpaka lero zikundiwawa.

Tiyeni tilitsatire botolo lija. Likatsukidwa, limagulidwa ndi mayi wa thobwa kapena wogulitsa mafuta ophikira oyeza. Mabotolo atsopano anthu amenewa sangawakwanitse, ndiye kuti popanda wotola uja bizinesi yawo yaima. Malata akutha amathera kwa okhoma mbaula ndi ndowa. Tayala lakutha limasanduka mphira zomangira katundu panjinga. Zitsulo zimakwera sikelo n'kupita kutauni. Ndalama zake n'zochepa, inde, koma zimazungulira pomwepo pa Jenda, zimagula ufa ndi sopo.

Tsono funso langa lipite kukhonsolo ya M'mbelwa. Ogulitsa mumsika amadula tikiti tsiku ndi tsiku, ndipo ina mwa ntchito za ndalamayo n'kusamala zinyalala. Nanga amene akuchepetsa mulu wa zinyalalawo ndi manja awo, opanda magolovesi kapena jombo, amalandirapo chiyani? Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani n'kukokera nkhaniyo kukhoti zaka ndi zaka. Nthawi yonseyo majumbo amangouluka m'mbali mwa M1. Majumbowo otola sawafuna chifukwa palibe amagula. Apa mpamene ndalama ya tikiti ikadagwira ntchito: kuwalipira pa thumba lililonse lomwe adzaza.

Ife a ku Mzimba, pafupifupi banja lililonse lili ndi m'bale ku Joni. Afunseni za anthu okoka matrole odzaza mapulasitiki m'misewu ya Johannesburg. Mu 2020 boma la South Africa lidatulutsa ndondomeko yoti makhonsolo azigwira ntchito limodzi ndi anthu amenewa. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mzinda udayamba kuwalipira mu 2013. Jenda si Bogotá, ndikudziwa. Koma kulemba mayina a otola, kuwapatsa chiphaso ndi kashedi kosankhirapo katundu sikufuna thandizo la azungu.

Zovuta zilipo, sindikubisa. Botolo losatsuka bwino likhoza kufalitsa matenda, ndipo sitidaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Ena mwa otolawo ndi ana ofunika kukhala m'kalasi. Palinso akuba amene amabisala m'malonda a zitsulo n'kumazula katundu wa boma. Komatu zonsezi zimakula chifukwa palibe akudziwa kuti akutola ndani, akugulitsa kwa ndani. Munthu wolembedwa m'kaundula, alangizi a zaumoyo atha kumupeza n'kumuphunzitsa katsukidwe ka klorini. Mwana atha kumubweza kusukulu. Wakuba amaonekera msanga.

Mnyamata uja basi yathu isanachoke adali atatola mabotolo asanu ndi limodzi. Awiri mwa iwo adali anga.