Miyala ya m'munda nayonso iwerengedwe

Dothi likatumizidwa ku labotale kuti likapimidwe, akatswiri amayamba ndi kuliyanika, kulipera ndi kulisefa pa sefa ya timabowo ta mamilimita 2. Zimene zadutsa pa sefayo ndizo zimapimidwa. Timiyala totsalira pamwamba timaikidwa padera, ndipo kawirikawiri sitionekanso pa pepala la zotsatira limene mlangizi amalandira. Ntchitoyi imachitika chomwechi pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo pa nthaka yozama ya m'zigwa palibe chimene chimalakwika. Koma ulipo mtundu wina wa nthaka umene njira imeneyi imaupatsa chuma chimene ulibe, ndipo mabanja ambiri a m'chigawo chathu chino amadya kuchokera pa nthaka yomweyo. Ndikunena dothi la dongo losakanikirana ndi nsangalabwi, la m'mitunda ya madera a mvula yochepa.

Amene adayendapo m'mitunda ya Neno ndi Mwanza potsikira ku Shire, m'zitunda za Changara ku Tete, kapena m'malo otsetsereka olowera m'chigwa cha Luangwa ku Zambia akulidziwa dothi limeneli. Khasu likagunda limalira, ndipo silichedwa kubuntha. M'chilimwe dothilo limauma gwa, mvula ikagwa limamatirira kumapazi. Mukakumba pang'ono mumakumana ndi thanthwe lofumbutuka kapena mzere wa timiyala toyera tolimba togona mopingasa pansi pa nthaka. Akatswiri ambiri amati chiswe chili ndi mbali yake pa mzere umenewu, pakuti kwa zaka zosawerengeka chakhala chikukweza dothi losalala pamwamba n'kusiya miyala imene sichingathe kunyamula. Kumene mvula ili yochepa kwambiri, laimu sakokolokera pansi ndipo amaunjikana ngati timibulu totuwa. Mukadonthezerapo viniga n'kuona thovu, dziwani kuti laimu alipo.

Kodi dothi lotere limaikidwa m'gulu liti? Mayina athu amanena zambiri. Tikati makande, mlimi aliyense amaona dothi lakuda long'aluka m'chilimwe. Tikati lubwe, amadziwa kuti khasu livutika. Koma dzina lakuti katondo, mwachitsanzo, limaperekedwa kwa dothi lofiira lozama la m'chigwa cha Lilongwe, komanso ena amalipereka kwa dothi lofiira la pa chitunda limene thanthwe lake lili pafupi. Mtundu ndi umodzi, koma minda iwiriyi siingalandire malangizo ofanana.

Apa m'pamene kagawidwe ka akatswiri kamathandiza, ngakhale mayina ake ndi ovuta pakamwa. Njira ya ku America yotchedwa Soil Taxonomy, imene idasindikizidwa koyamba mu 1975, imafunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti miyala yatenga malo ochuluka bwanji m'nthakamo. Lachiwiri ndi lakuti m'dothi lodutsa pa sefa muli dongo lochuluka bwanji. Miyala ikafika magawo 35 mwa magawo 100 alionse a malo, dongo nalo n'kufika magawo 35 mwa 100 a dothi losefedwalo, nthakayo imatchedwa clayey-skeletal, ndiko kunena kuti dongo lokhala pa mafupa a miyala. Njira ina yogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ya World Reference Base, imene idakhazikitsidwa mu 1998, imayang'ananso kuya kwa nthaka. Thanthwe likapezeka musanakumbe masentimita 25, nthakayo imalowa m'gulu la Leptosol, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu chopyapyala. Mlangizi sayenera kuloweza mayinawa. Chofunika ndi mafunso amene ali kumbuyo kwake: kuya kwake n'kotani, miyala ndi yochuluka bwanji, dongo ndi lochuluka bwanji.

Chifukwa chake ndi madzi. Mwala wolimba susunga madzi amene mbewu ingamwe, ndipo muzu sungaloŵe mkati mwake. Tiyeni tiwerengere pamodzi mongoyerekeza. Dothi la dongo lopanda miyala limatha kusungira mbewu madzi okwana pafupifupi mamilimita 130 pa mita imodzi ya kuya kwake. Pa chitunda pamene thanthwe lili pa masentimita 40, madziwo amatsika kufika pa mamilimita 52. Ngati theka la malowo ndi miyala, atsala mamilimita 26 okha. Chimanga chikamamasula ngayaye kunja kukutentha, chimamwa mamilimita 5 kapena 6 pa tsiku. Ndiye kuti munda wa m'chigwa ungapirire ng'amba ya masabata atatu, pamene munda wa pa chitunda uyamba kufota sabata imodzi isanathe. Minda yonse iwiri ikhoza kubwera kuchokera ku labotale ndi pepala lofanana lonena kuti ndi dongo labwino.

Ng'amba ya February 2024, imene idachititsa kuti Zambia, Malawi ndi Zimbabwe alengeze kuti agweredwa tsoka la chilala, idaphunzitsa masamu amenewa mwankhanza. M'chaka chotere chimanga cha pa nsangalabwi ndicho chimayamba kupiringiza masamba, ndipo mwini munda amanenedwa kuti adachedwa kubzala kapena kuti sadamvere malangizo. Ine ndimaona kuti mawu otere amapweteka mlimi popanda chifukwa. Iye adamvera, koma malangizowo adalembedwa poganizira nthaka ina.

Taganizirani za kabzalidwe ka chimanga kamene alimi a ku Malawi amakatcha Sasakawa, ka mbewu imodzi pa phando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi masentimita 75 pakati pa mizere. Pa nthaka yozama ndi feteleza wokwanira kamapindulitsa ndithu. Pa dongo la nsangalabwi losaya, mbewu zochuluka chomwecho zimagawana kapu imodzi ya madzi ndipo zimaumira limodzi. Feteleza nayenso amasintha khalidwe. Thumba lomwelo likathiridwa pamene dothi lenileni lili theka, mchere wake umachuluka pafupi ndi mizu, ndipo dzuwa likaomba mbewu imapsa. Mvula yamphamvu ikabwera, wina amapita ndi madzi othamanga. N'kwanzeru kuthira pang'onopang'ono kangapo nthaka ili yonyowa, kusiyana ndi kukhuthula zonse tsiku limodzi.

Wina atha kunena kuti ngati miyala ndiyo vuto, tingoitola yonse. Funso limeneli lidayankhidwa kumapiri a Tigray kumpoto kwa Ethiopia, kumene minda ya dongo yodzaza miyala ili ponseponse ndipo mvula imagwa mwamphamvu miyezi yochepa chabe. Kumeneko mapologalamu oteteza nthaka adalimbikitsa anthu kumanga mipanda ya miyala yopingasa malo otsetsereka, ndipo miyala yomangira inkatoledwa m'minda momwemo. Alimi ankavomera kupereka miyala ikuluikulu, koma ankakana kuchotsa ing'onoing'ono, ponena kuti imasunga chinyezi ndi kuteteza dothi la pamwamba. Katswiri wina wa ku Belgium, Jan Nyssen, pamodzi ndi anzake adayesa nkhaniyi m'boma la Dogu'a Tembien, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2001. Pamene timiyala tidachotsedwa, kukokoloka kwa nthaka kudachuluka kwambiri. Alimi aja ankanena zoona.

Palibe chodabwitsa pamenepa. Mwala umene uli mkati mwa nthaka umalanda malo a dothi ndi madzi, koma umene wagona pamwamba umagwira ntchito ngati mapesi ophimbira. Dontho la mvula limasweka pa mwala m'malo momenya dongo, madzi amachepa liwiro, ndipo pansi pa mwalawo pamakhalabe chinyezi dzuwa litaomba. Dongo losaphimbidwa likamenyedwa ndi mvula limapanga chikhakha cholimba chimene madzi amangodutsapo osalowa. Kusiyana kulipo ndithu pakati pa mwala wogona momasuka ndi umene wamatirira m'chikhakhacho, chifukwa womatirirawo sulowetsa madzi. N'chifukwa chake kuswa chikhakha ndi kuika manyowa kumathandiza kuti miyala igwire ntchito yake. Ndimadabwa nthawi zina kuona zithunzi za m'malipoti athu a chitukuko zikuonetsa munda wosesedwa mwaukhondo ngati bwalo la sukulu, ndi mulu wa timiyala pambali pake, ngati umboni wa kupambana.

Kudziwa gulu la nthaka ya munda sikulira ndalama. Kumbani dzenje la mbali zowongoka, mpaka mutagunda thanthwe kapena kufika masentimita 75, ndipo lembani kuya kwake. Sefani zonse zotulukamo ndi sefa ya timabowo tating'ono, kenaka bwezerani miyala yokhayokha m'dzenjemo. Popeza pakati pa miyala pamatsala mipata, ikadzaza kupitirira theka la dzenje ndiye kuti yatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthakayo, ndipo mwafika kale pa malire amene akatswiri amaika. Dothi losefedwalo linyowetseni, mulipote ngati chingwe, mulipinde ngati chibangili. Likapindika osathyoka, dongo ndi lambiri. Amayi oumba mbiya safuna n'komwe kuuzidwa zimenezi, ndipo komiti ya m'mudzi ingachite bwino kuwaitana pa tsiku lokumba maenje. Maenje atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi kwa munda, amakwanira kuonetsa kuti munda umodzi uli ndi nthaka zosiyana.

Zotsatira zake ndizo zisankhe mbewu. Pamene thanthwe lili pafupi kwambiri, khasu lisafikepo: pakhale mitengo yachilengedwe yophukira pa zitsa ndi udzu wa ziweto. Pakati, pamene kuya kuli masentimita 30 mpaka 50, mapira, mchewere, khobwe ndi chitowe zimapirira kuposa chimanga, ndipo nandolo amatha kulowetsa muzu wake m'ming'alu ya thanthwe lofumbutuka. Chimanga chitsikire kumunsi kumene dothi lokokoloka lidaunjikana, chibzalidwe motalikirana, makamaka m'maenje othira manyowa. Miyala ikuluikulu ipite kukamanga mipanda motsatira akalozera, yaing'ono itsale pamene ili.

Kwa alangizi amene akukonzekera kutumiza dothi ku labotale nyengo yolima isanayambe, pempho langa ndi lakuti pa kapepala kopita ndi thumbalo mulembepo zinthu ziwiri zimene sefa idzataya: kuya kwa nthaka kufika pa thanthwe, ndi kuchuluka kwa miyala imene mudaipeza m'dzenje. Mupemphenso kuti kulemera kwa timiyala totsalira pa sefa kulembedwe pa pepala la zotsatira.